Vinyo, Mowa ndi Mafuta a M'magazi: Kabuku ka Pabanja

Tsiku limene alamu anga anauzidwa kuchipatala kuti BP yawo yakwera, anafika kunyumba atanyamula zinthu ziwiri: kathumba ka mapilitsi ndi botolo la vinyo wofiira. Achemwali anga analiyang'anitsitsa botolo lija, n'kufunsa kuti, "Nanga ili ndi la chiyani, abambo ake?" Iwo anayankha ndi mtima wonse: "Mowa uja ndausiya, mayi. Uyu ndi vinyo. Amasungunula mafuta m'mitsempha, n'chifukwa chake azungu amamwa tsiku ndi tsiku." Sankafuna kunamiza munthu ayi. Zimenezi anazimva kwa anzawo a kuntchito, anthu opita kusukulu, ndipo uthenga wonena zomwezo umazungulira pa WhatsApp chaka ndi chaka. Nkhaniyi siifa chifukwa m'kati mwake muli kachoonadi kakang'ono.

Kabuku kano ndi ka mabanja onga limeneli: abambo amene amadzera ku bala poweruka, amayi amene amatsegula vinyo pa maphwando, agogo a masese a Loweruka, ndiponso onse amene amawaphikira ndi kuwaperekeza kuchipatala. Sindikulemba kuti nditonze munthu. Ndikufuna kuti banja likamakambirana za mowa, lizidziwa zimene mowawo umachita ukafika m'magazi.

Mafuta amene ali m'magazi mwathu

Munthu aliyense, woonda ndi wonenepa yemwe, ali ndi mafuta m'magazi, ndipo thupi limawafuna. Achipatala akamayeza amayang'ana mitundu iwiri.

Mtundu woyamba ndi mafuta a cholesterol. Ambiri mwa iwo amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwechi, ena amabwera ndi chakudya. Popeza mafuta ndi madzi sizigwirizana, mafutawa amayenda m'magazi atakulungidwa m'timitolo. Timitolo totchedwa LDL timawatenga kuchiwindi n'kupita nawo m'thupi monse. Tikachuluka, mafuta amayamba kumatirira m'makoma a mitsempha, monga momwe matope amaunjikanira m'ngalande ya mthirira mpaka madzi kulephera kufika kumunda wa kumapeto. Timitolo ta HDL timayenda mobwerera, kutola mafuta otsala n'kukawatula kuchiwindi. Apa ndi pamene panachokera mawu akuti LDL ndi yoipa, HDL ndi yabwino.

Mtundu wachiwiri ndi matriglyceride. Awa ndi nkhokwe ya thupi. Chilichonse chimene tadya choposa ntchito imene tagwira, kaya ndi nsima, shuga wa mu tiyi, mafuta ophikira kapena mowa, thupi limachisandutsa matriglyceride n'kusunga.

Pa pepala la zotsatira mudzaona manambala olembedwa mmol/L. Kwa munthu wamkulu amene alibe matenda ena, achipatala amafuna kuti cholesterol yense pamodzi asapitirire 5, LDL ikhale yosafika 3, ndipo matriglyceride akhale osafika 1.7 ngati munayezedwa musanadye. Amene ali ndi shuga kapena anadwalapo mtima amapatsidwa malire otsika kuposa awa. Mafutawa akakwera sapweteka paliponse. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Mowa ukafika kuchiwindi

Chimene chimaledzeretsa mu vinyo, mu mowa wa m'botolo, mu masese, mu kachasu ndi mu jini ndi chinthu chimodzimodzi, dzina lake ethanol. Zakumwazi zimangosiyana kuchuluka kwa madzi amene ethanol akusambiramo. Chiwindi sichidziwa mtengo wa botolo kapena dziko limene lachokera.

Thupi lilibe posungira ethanol, choncho akangolowa, chiwindi chimasiya ntchito zina kuti chithane naye kaye. Imodzi mwa ntchito zimene zimaima ndi yotentha mafuta. Chiwindi cha munthu wamkulu chimatha kuchotsa pafupifupi magalamu 10 a ethanol pa ola, mwa ena ocheperapo, ndipo palibe khofi, supu ya tsabola kapena kusamba madzi ozizira kumene kungachifulumizitse. Ndiye kuti munthu akamwa mabotolo asanu madzulo, chiwindi chimachezera usiku wonse. Pa maola onsewo mafuta akungounjikana. Ena chimawatumiza m'magazi ngati matriglyceride, ena amatsalira m'chiwindi momwemo mpaka chimanona. Kuwonjezera apo, mafuta a chakudya chimene wadyera pa mowawo amachedwa kuchoka m'magazi.

Pali chinthu chimene ogwira ntchito mu labu amachidziwa bwino. Magazi akaikidwa m'kabotolo n'kuzungulitsidwa pa makina, ofiira amatsikira pansi, pamwamba n'kutsala madzi onkera ku chikasu, ngati tiyi wosapsa. Koma matriglyceride akakhala okwera zedi, madzi a pamwambawo amaoneka ngati mkaka. Mwini wake magaziwo amakhala atabwera yekha akuyenda, akucheza ndi anzake pa benchi. Matriglyceride akapitirira 10, ngozi siikhalanso ya mtima wokha. Kapamba, chiwalo chimene chimapanga insulin, amatha kutupa mwadzidzidzi. Munthu amamva kupweteka koopsa pa chifu kolasa kumsana, kusanza osaleka, ndipo ena amafa nako.

Nanga LDL? Mowa pawokha suisintha kwambiri. Imene imaikweza ndi mafuta a nyama, kunenepa ndi chibadwa cha kumtundu. Koma monga tione kutsogoloku, mowa sukonda kuyenda wokha.

Kumene kunachokera mbiri ya vinyo wofiira

Mu 1991, pulogalamu ya pa wailesi ya kanema ku America yotchedwa 60 Minutes inaulutsa nkhani ya katswiri wa ku France, Serge Renaud. Funso lake linali lakuti: bwanji anthu a ku France amadya batala, tchizi ndi nyama zonona, koma safa kwambiri ndi matenda a mtima ngati a ku America? Yankho limene anthu anatola linali vinyo wofiira. Malonda a vinyo anakwera kwambiri, ndipo mbiri ija inafalikira dziko lonse mpaka kufika m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Akatswiri ena atabwerezanso kuwerengako anapeza mabowo. Madokotala a ku France sankalemba imfa zonse za mtima kuti ndi za mtima. Komanso anthu a kumeneko anali atangoyamba kumene kudya mafuta ambiri a nyama poyerekeza ndi a ku Britain, pamene mitsempha imatenga zaka makumi angapo kuti itsekeke. Ndipo amuna a ku France omwewo ankafa ambiri ndi matenda a chiwindi ndi khansa ya pakhosi, zimene ogulitsa vinyo sankazitchula.

Bowo lalikulu linali ili. Pofufuza, ankayerekeza omwa pang'ono ndi osamwa, ndipo omwa pang'ono ankaoneka athanzi. Koma m'gulu la osamwalo munali anthu ambiri amene anasiya mowa chifukwa chodwala kale. Taganizani za kwanu konko: ndi angati mwa amene samwa lero amene anasiya adokotala atawaopseza? Mukawaika pa sikelo imodzi ndi munthu wa ntchito yabwino amene amamwa tambula imodzi pa chakudya chamadzulo, amadya bwino ndipo amapita kuchipatala cholipira, vinyo alandira ulemu umene si wake.

Anthu amatchulanso resveratrol, kanthu kopezeka m'makoko a mphesa. N'koona kuti kalimo mu vinyo wofiira, koma n'kochepa kwambiri. Ku Italy, m'dera la Chianti kumene amalima mphesa za vinyo, akatswiri anatsatira okalamba 783 kwa zaka 9. Zotsatira zake zinatuluka mu 2014: amene anali ndi resveratrol wambiri m'thupi sanasiyane ndi anzawo pa matenda a mtima kapena pa kutalika kwa moyo. Ndipo kanthu komweka kamapezekanso mu mtedza ndi mabulosi, zimene zili kuseri kwa nyumba.

Kachoonadi kaja ndi aka: mowa umakwezadi HDL pang'ono, kaya ndi vinyo kaya ndi wa m'botolo. Koma kukweza nambala ya HDL si kuteteza mtima. Panapangidwa mankhwala otchedwa torcetrapib amene ankakweza HDL kuposa mmene mowa ungachitire. Kuwayesa kunaimitsidwa mu 2006 chifukwa amene ankawamwa ankamwalira ochuluka kuposa anzawo.

Umboni umene umandikhutiritsa kwambiri unachokera ku China. Kumeneko kuli anthu ambiri amene chibadwire chawo thupi limakana mowa: akangolawa, nkhope imafiira, mtima kugunda, nseru. Oterewa ambiri samwa kapena amamwa pang'ono chabe, kaya ndi olemera kaya osauka, odwala kapena athanzi. Akatswiri anatsatira anthu oposa 500,000, n'kuyerekeza a chibadwa ichi ndi anzawo. Zimene anasindikiza mu 2019 zinaonetsa kuti mowa ukamawonjezeka, BP ndi sitiroko zimakweranso limodzi nawo, kuyambira pansi penipeni. Muyezo wa mowa woteteza ku sitiroko sanaupeze. Mu 2022 bungwe la World Heart Federation linanena kuti palibe muyezo wa mowa umene uli wabwino ku mtima, ndipo mu Januwale 2023 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti palibe muyezo umene tinganene kuti ulibe ngozi pa thanzi. Ngati simumwa, musayambe chifukwa cha mtima.

Kuno kwathu nkhani yaikulu ndi BP

Kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2018 anaphatikiza omwa mowa pafupifupi 600,000 a m'mayiko 19 olemera. Anapeza kuti omwa mowa wochulukirapo ankagwidwa mocheperako pang'ono ndi vuto la kutsekeka mwadzidzidzi kwa mtsempha wa mumtima, koma sitiroko, kufooka kwa mtima ndi imfa za BP zinkachuluka mowa ukamachuluka. Izi tizimvetse bwino, chifukwa matenda a mtima amene amadzaza zipatala za kuno ndi omwewo amene mowa umawawonjezera: kufa ziwalo ndi mtima wotopa ndi BP.

Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo ndi WHO anayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi monse. Munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anapezeka ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwowa sankadziwa n'komwe. Amene anali ndi cholesterol wokwera anali pafupifupi 9 mwa 100. Omwa mowa anali amuna 30 mwa 100 ndi akazi 4 mwa 100. Ndiye munthu akamamwa vinyo kuti akonze mafuta a m'magazi, pamene vinyoyo akukweza BP imene ili kale pa 150, ali ngati wokonza khomo la khola pamene fisi walowera kumbuyo.

Mowa umasokonezanso kagundidwe ka mtima. Mu 1978 madokotala a ku America anaona kuti Lolemba ndi pambuyo pa zikondwerero kunkabwera anthu ambiri mtima ukugunda mosalongosoka atapapira mowa. Kuno tinganene za kutha kwa mwezi, Khirisimasi, kapena ukwati wa masiku awiri. Munthu amadzuka ndi matsire, mtima ukupalapata ngati nkhuku yogwidwa miyendo. Vutoli, atrial fibrillation, limachititsa magazi kuundana m'chipinda cha mtima, ndipo kachibuluma kakathawira ku ubongo ndiye sitiroko. Ku Australia anayesa odwala vutoli okwana 140: mwa amene anasiya mowa, linabwereranso kwa 53 pa 100, pamene mwa opitiriza kumwa linabwerera kwa 73 pa 100.

Womwa kwambiri kwa zaka zambiri, mnofu wa mtima umatha kutanuka n'kufooka. Miyendo imatupa, mpweya umabanika akagona chagada, kukwera kachitunda kokha amapuma kawiri. Pamudzi anthu amathamangira kunena kuti waponda mankhwala. Mutengereni kuchipatala, akasiyiratu mowa msanga n'kumamwa mankhwala, mtima wotere nthawi zina umabwererako.

Phunzirani kuwerenga zimene mukumwa

"Ndimangomwa awiri basi." Awiri a chiyani? Pa botolo lililonse la m'sitolo pamalembedwa mamililita ndi peresenti. Chulukitsani manambala awiriwo, chulukitsaninso ndi 0.8, mugawe ndi 100, ndipo mupeza magalamu a ethanol. Foni iliyonse ili ndi kakyuleta.

Botolo la mamililita 330 la 5% lili ndi magalamu 13. Tambula ya vinyo ya mamililita 150 wa 13% ili ndi magalamu 15 ndi kanthu, kuposa botolo la mowa lija, ndipo kunyumba palibe amene amathira moyeza. Botolo lonse la vinyo la mamililita 750 likuyandikira magalamu 80, ofanana ndi mabotolo 6 a mowa. Alamu anga aja ankamaliza botolo limodzi masiku awiri, akuganiza kuti achepetsa. Lita imodzi ya mowa wa masese, ngati uli pa 4%, ili ndi magalamu 32, ndipo masese amapitiriza kuwira m'paketi momwemo, choncho wa dzana ndi waukali kuposa wa lero. Toti ya mamililita 30 ya jini kapena burande wa 40% ili pafupi ndi magalamu 10. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa waukali wa m'timabotolo ulipobe: kabotolo ka mamililita 200 ka 40% kali ndi magalamu oposa 60. Kachasu alibe chilembo chilichonse. Ukali wake umasiyana malinga ndi wotcheza, ndipo woyamba kudontha ndiye woopsa. Muziwerenga ngati jini kapena kuposapo.

Kafukufuku wa 2018 uja anapeza kuti munthu akapitirira magalamu 100 pa sabata, mwayi wofa msanga umayamba kukwera moonekeratu. Amenewo ndi mabotolo 7 kapena 8 pa sabata yathunthu, kapena malita atatu a masese. Nambala imeneyi si chilolezo. Ochepera apo ndiye abwinopo. Ndipo musasunge a sabata yonse kuti mudzamwe Loweruka. WHO imati kumwa magalamu 60 pa nthawi imodzi ndi kumwa moopsa, ndipo amenewo ndi mabotolo asanu okha. Amayi, chifukwa matupi awo amakhala ndi madzi ocheperapo, mowa womwewo umawafika pamwamba kuposa abambo.

Za pachiwaya

Imani panja pa bala iliyonse madzulo. Chiwaya chili pamoto, mafuta akuda bii chifukwa akazingidwamo kuyambira dzulo. Mnyamata akudula nyama ya nkhumba ya mafuta okhaokha, kuponya m'menemo, kenako kuwaza mchere wodzaza dzanja ndi kambuzi. Pambali pali kanyenya, soseji, tchipisi, poto wa mang'ina. Mowa umatsegula njala ndi kutseka maganizo, ndiye mbale imodzi imaitana inzake. Apa ndi pamene LDL imakwerera, ndipo mcherewo ukukankha BP. Munthu wamkulu amayenera kudya mchere wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, kasipuni ka tiyi kamodzi, kuphatikiza wa mu ndiwo zonse. Akafika kunyumba apezanso nsima yofundikira, adye, agone.

Mowa pawokha ndi wonenepetsa. Galamu imodzi ya ethanol ili ndi makalori 7, pamene ya shuga ili ndi 4 ndipo ya mafuta ili ndi 9. Botolo limodzi la mowa lili ndi makalori pafupifupi 140, kuposa sipuni yaikulu ya mafuta ophikira. Palibe amene angamwe masipuni 6 a mafuta ophikira asanagone, koma mabotolo asanu ndi chimodzimodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolowo umakhala pamimba.

Tinazolowera kunena kuti mimba yaikulu ndi kupeza bwino. Mafuta a pamimba ndi amene amakweza matriglyceride ndi kuitana matenda a shuga. Nayi njira yodziyezera popanda sikelo. Tengani chingwe, muyeze msinkhu wanu kuyambira kuphazi mpaka pamutu, mudule. Chipindeni pakati, n'kuzunguliza m'chiuno chapamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake sizikumana, mimba yapitirira. Pa tepi ya atelala, amuna asapitirire masentimita 94, akazi 80.

Wosiya mowa asamale chimene akulowetsa m'malo mwake. Zakumwa za shuga za m'mabotolo, juwisi wosungunula ndi thobwa lothira shuga wambiri zimakwezanso matriglyceride. Vinyo wotsekemera ndi masaida ali ndi zonse ziwiri, ethanol ndi shuga. Zothandizadi mitsempha ndi zodziwika kale: mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, nyemba, nandolo, khobwe, ndiwo zamasamba zotendera nsinjiro, usipa ndi utaka, mapeyala, magwafa, ndi kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga mphindi 150 pa sabata. Fodya ndiye wosiyiratu.

Amene asamwe n'komwe

Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati asalawe, chifukwa mowa umafika kwa mwana. Ana osafika zaka 18 asapatsidwe, ndipo tisamawatume kukagula. Chimodzimodzi amene anauzidwa kuti matriglyceride awo ndi okwera kwambiri, amene anatupapo kapamba, a matenda a chiwindi monga hepatitis B, a mtima wofooka kapena wogunda mosalongosoka, ndi amene BP yawo ikukana kutsika.

Mankhwala ambiri sagwirizana ndi mowa. A TB amalemetsa kale chiwindi. Asipirini ndi warfarin pamodzi ndi mowa zimatha kutulutsa magazi m'mimba. Omwa ma ARV adziwe kuti ena mwa mankhwalawa amakweza mafuta a m'magazi kapena kunenepetsa, ndipo munthu woledzera amaiwala nthawi ya mankhwala. Wa matenda a shuga amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, mowa ungamutsitse shuga pakati pa usiku. Amatuluka thukuta, kulankhula zosamveka, kudzandira, ndipo a pabanja amati "aledzera, asiyeni agone." Ngati akutha kumeza, mupatseni madzi a shuga mwamsanga, ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani kuchipatala.

Pali chizolowezi china chimene chimandidetsa nkhawa: kudumphitsa mapilitsi a BP Lachisanu ndi Loweruka poopa kuwasakaniza ndi mowa. Pamenepo mwachotsa mlonda pa usiku womwe akuba akubwera. Choyenera kudumphitsa ndi mowawo.

Kukayezetsa

BP amayeza m'zipatala za boma, mwaulere. Khalani pansi mphindi zisanu musanayezedwe, ndipo nambala ilembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, ndiye kuti yakwera. Kuyeza mafuta a m'magazi kumafuna labu yokulirapo, choncho funsani adokotala kapena alangizi a zaumoyo kumene mungapite. Akakuuzani kuti mubwere musanadye, khalani maola 8 mpaka 12 mukumwa madzi okha, ndipo musamwe mowa tsiku lathunthu musanayezedwe.

Adokotala akafunsa za mowa, nenani zoona, ndi manambala ake. "Mwa apo ndi apo" sawathandiza. Sakufunsa kuti akuweruzeni. Akufuna kudziwa ngati vuto likufunika mankhwala kapena lingatsike lokha.

Yesani mwezi umodzi

Chosangalatsa pa nkhani yonseyi n'chakuti thupi limayankha msanga. Matriglyceride okwera ndi mowa amatsika m'masabata ochepa. Chiwindi chonona, ngati sichinafike pouma, chimayamba kuyera. Akatswiri ataphatikiza zofufuza zambiri mu 2017 anapeza kuti omwa kwambiri akachepetsa ndi theka, nambala ya pamwamba ya BP imatsika ndi 5 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye yezetsani BP lero, mukhale masabata anayi osamwa, muyezetsenso. Yezaninso chingwe chija. Ndalama zimene zikanapita ku mowa muziike m'chitini kapena pa foni ya amayi, mudzawerenge limodzi pakutha pa mwezi.

Chovuta si ludzu, ndi anzathu. Mowa wa kuno umayenda ndi maraundi: akakugulira, uyenera kubweza, ndipo mukakhala asanu ndiye mabotolo asanu. Nenani poyamba pomwe musanakhale pansi: "Achimwene, lero ine raundi ayi, ndigula langa limodzi." Ngati akukakamiza, mawu akuti "adokotala andiletsa" amalemekezedwa kulikonse. Idyani kunyumba musanapite. Tengani ndalama zokwanira zimene mwakonza, zotsalazo zisiyeni. Pakati pa botolo ndi botolo imwani madzi. Tsiku la malipiro yambani mwafika kunyumba.

Kwa a pabanja: nkhani ya mowa siikambidwa usiku munthu ataledzera, kapena pamaso pa ana ndi alendo. Dikirani m'mawa, mutu utayera. Achemwali anga sanakangane ndi alamu tsiku lija. Anangoti, "Abambo ake, tsiku lobwerera kuchipatala tipitire limodzi, botololi tikawaonetse adokotala." Anapitadi nalo.

Chenjezo limodzi lofunika kwambiri. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse, amene manja amanjenjemera m'mawa mpaka atalawa, asasiye mwadzidzidzi payekha. M'masiku atatu oyambirira angathe kukomoka ngati wakhunyu, kuona zinthu zimene palibe, kusokonezeka mutu, ngakhale kufa kumene. Ameneyu apite kuchipatala akanene kuti akufuna kusiya. Alipo mankhwala omuthandiza kudutsa masiku amenewo. Musamutsekere m'nyumba.

Pofunika galimoto nthawi yomweyo

Kukamwa kukapotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, lilime likamalemera mawu osamveka, imeneyo ndi sitiroko mpaka adokotala atanena zina, ngakhale munthuyo akununkha mowa. Chimodzimodzi kupweteka kofinya pachifuwa kofika ku mkono, ku nsagwada kapena kumsana, kotsagana ndi thukuta lozizira, kubanika, mtima wothamanga mosalongosoka umene sukukhazikika, kusanza magazi, ndi kupweteka kwa pa chifu kolasa kumsana.

Musadikire kuti kuche. Wogwidwa sitiroko musamupatse chakudya, madzi kapena asipirini, chifukwa angatsamwe, ndipo ngati mtsempha waphulika mu ubongo asipirini awonjezera kutaya magazi. Ngati akusinza, mugonekeni chammbali. Onani nthawi imene zayambira kuti mukawauze achipatala, ndipo munyamule buku lake la kuchipatala pamodzi ndi mapilitsi onse amene amamwa.